Womangidwa Akatuluka pa Belo: Chitetezo Chimene Khoti Lingapereke kwa Wodandaula ku Chikwa

CHAMA – Munthu amangidwa Lolemba chifukwa choopseza mkazi amene anasiyana naye ukwati, koma pofika Lachinayi anthu amuona ali pa chigayo, akucheza ngati palibe chimene chachitika. M'midzi ya kwa Mfumu Chikwa, m'boma la Chama, monganso m'madera ena a dziko la Zambia, zotere zikachitika ambiri amafulumira kunena kuti mlandu watha, kapena kuti ndalama zayenda. Kawirikawiri sizikhala choncho. Munthuyo amakhala atatuluka pa bondi ya apolisi kapena pa belo ya khoti, ndipo mlandu wake ukadalipo.

Koma kwa mayi amene anakadandaula, kudziwa zimenezi sikukhazika mtima pansi. Munthu amene iye amamuopa wabwerera m'mudzi womwewo, akuyenda njira yomweyo yopita ku mjigo ndi kudimba, ndipo tsopano ali ndi mkwiyo wina watsopano, wa kugona m'chitokosi. Tsiku la mlandu lingakhale patsogolo milungu ingapo, mwinanso miyezi.

Malamulo a Zambia ali ndi njira ziwiri zotchinjirizira munthu wotere pa nthawi yodikirayi. Yoyamba ndi mfundo zimene khoti kapena apolisi amaika potulutsa womangidwa. Yachiwiri ndi chiletso chapadera cha khoti choteteza wozunzidwa, chimene m'chilankhulo cha makhoti chimatchedwa protection order. Njira zonse ziwiri zimadalira chinthu chimodzi: wina ayenera kuuza khoti za manthawo, ndipo aliuze womangidwa asanatuluke pa khomo.

Chifukwa chake womangidwa amatulutsidwa

Gawo 18 la malamulo aakulu oyendetsera dziko la Zambia limati munthu aliyense woimbidwa mlandu ayenera kuyesedwa wosalakwa kufikira khoti litam'peza wolakwa, kapena iye mwini atavomera. Gawo 13 limaonjezera kuti munthu amene sanaweruzidwe m'nthawi yoyenera atulutsidwe, ngakhale kuti angaikiridwe mfundo zoti atsate.

Lamulo la kayendetsedwe ka milandu, lotchedwa Criminal Procedure Code, ndilo limafotokoza mmene zimenezi zimachitikira. Gawo 33 limalola mkulu wa pa polisi kutulutsa munthu pa bondi ngati sikutheka kum'fikitsa ku khoti m'maola 24 ndipo mlanduwo si waukulu kwambiri. Bondi ya apolisi ndi yaulere. Gawo 123 limapatsa khoti mphamvu yopereka belo, kupatula pa milandu ina yoikidwa, monga kupha munthu, kuukira boma ndi kuba moopseza ndi zida. Milandu yomenya munthu, yoopseza ndi yolowa pa malo a mwini popanda chilolezo, imene ndiyo kawirikawiri imatsegulidwa pa nkhani za kuvutitsa, siili m'gulu limenelo. Pamwamba pa zimenezi, ndende za m'dziko muno zimasunga anthu ochuluka kwambiri kuposa amene zinamangidwira, chotero makhoti sakonda kutsekera munthu amene angathe kudikira mlandu wake ali kunyumba.

Belo inakonzedwa makamaka kuti itsimikizire kuti woimbidwa mlandu adzabwera ku khoti pa tsiku loikidwa. Anthu omuimira ngati chikole amalonjeza zomwezo, ndipo angataye ndalama ngati iye wathawa. Pepala la belo palokha silinena kanthu za mayi amene watsala kumudzi. Koma gawo 124 limalola khoti, kapena wapolisi wotulutsa munthu, kuonjezera mfundo zina zimene zikuoneka zoyenera pa mlanduwo. Apa ndi pamene majisitireti angalembe kuti woimbidwa mlandu asayandikire nyumba ya wodandaula, asalankhule naye, asatume munthu kwa iye, ndiponso kuti azikaonekera ku polisi pa masiku oikidwa.

Majisitireti sangalembe chimene sanamve. Pa mlandu wa boma, wodandaula amakhala mboni chabe. Wolankhula m'khoti ndi woimira boma pa milandu, wochokera ku bungwe la National Prosecution Authority. Ngati mayi sanauze wapolisi wofufuza nkhaniyo kapena woimira bomayo kuti munthuyu anam'lonjeza kuti akatuluka adzaona, khoti limapereka belo ya masiku onse, yopanda dzina lake. Akauzidwa, woimira boma angathe kutsutsa belo kapena kupempha mfundo zokhwima. Ndipo woimbidwa mlandu akaphwanya mfundozo, boma lingapemphe khoti kuti lim'lande belo, abwerere m'ndende kufikira mlandu utatha. Kuopseza mboni kapena kuiletsa kukapereka umboni ndi mlandu winanso pawokha.

Chiletso chokhala ndi dzina la wozunzidwa

Njira yachiwiri inabwera ndi lamulo nambala 1 la chaka cha 2011, lothana ndi nkhanza zochitira munthu chifukwa chakuti ndi mkazi kapena mwamuna, lotchedwa Anti-Gender-Based Violence Act. Lamuloli limateteza amuna ndi akazi omwe, ngakhale kuti ochuluka amene amadandaula ndi amayi ndi atsikana. Malinga ndi apolisi, nkhani za nkhanza zotere zimene zinalandiridwa m'dziko lonse zinali 33,536 m'chaka cha 2022, ndipo zinakwera kufika pa 42,965 m'chaka cha 2023. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa chaka cha 2018 anapeza kuti amayi 36 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anachitiridwapo nkhanza za kuthupi chikwanitsire zaka 15, ndipo oposa theka la ozunzidwa sanapemphepo thandizo kapena kuuza munthu aliyense.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti lamuloli silinena za kumenya kokha. Limatchulanso khalidwe limene silisiya bala pathupi: kulondalonda munthu kulikonse kumene akupita, kum'tsekereza panjira, kuima kapena kuzungulirazungulira pafupi ndi nyumba yake, kuntchito kwake kapena kusukulu kumene amaphunzira, kumuimbira lamya mobwerezabwereza iye asakufuna, ngakhale woimbayo atangokhala chete, kum'tumizira mauthenga kapena katundu kosalekeza, ndi kum'kakamiza za chibwenzi iye atakana. Kumudzi zinthu zotere zimapeputsidwa. Amati mwamuna akungofuna kubwererana ndi mkazi wake, kapena kuti mnyamata wagwa m'chikondi. Lamulo limayang'ana mbali ina: kubwerezabwereza kwa khalidwelo ndi mantha amene limadzetsa.

Pali mpata umodzi wofunika kuumvetsa. Lamulo la 2011 limati nkhanza zimenezi ziziweruzidwa motsatira malamulo a milandu amene analipo kale, makamaka Penal Code. M'buku limenelo muli mlandu woopseza, mlandu womenya ndi mlandu wolowa pa malo a mwini, koma mulibe mlandu wa dzina lakuti kulondalonda munthu. Chotero mwamuna amene amakhala pansi pa mtengo moyang'anizana ndi khomo la mayi madzulo alionse, osanena mawu, ndi wovuta kum'tsegulira mlandu. Chiletso cha khoti ndicho chimasintha zinthu. Khoti likalamula kuti asayandikire, kukhala pansi pa mtengo uja kumasanduka mlandu. Wophwanya chiletso, kaya chongoyembekezera kapena chokhazikika, angamangidwe ndi apolisi popanda chikalata chomangira munthu, ndipo akapezeka wolakwa angakhale m'ndende kufikira zaka ziwiri.

Chiletsochi chingaletse munthu kumenya kapena kuopseza wodandaula, kum'tsekera m'nyumba, kum'landa katundu, kum'tsatira kuntchito ndi kumalo amene amapitapita, kulankhula naye pa lamya kapena m'njira ina iliyonse, ndi kufika pafupi naye kupyola mtunda woikidwa. Khoti lingalamulenso kuti apereke kwa apolisi mfuti kapena chida china chimene ali nacho, mfundo imene ili ndi tanthauzo lalikulu m'dera la alenje. Ngati awiriwo amakhala nyumba imodzi, pali chiletso china cholamula wankhanzayo kutuluka m'nyumbamo. Lamuloli linaganiziranso za anthu otumidwa: chiletso chingakhudze munthu wogwirizana ndi wodandauliridwayo, monga mbale kapena mnzake amene amanyamula ziopsezo m'malo mwake.

Mmene chimapemphedwera

Pempho limapita ku khoti la majisitireti la kumene wozunzidwa amakhala kapena kugwira ntchito, kumene wodandauliridwa amakhala, kapena kumene nkhanzazo zinachitikira. Sikofunika kudikira kuti mlandu wa boma uthe, ndipo chiletso sichifafaniza mlanduwo. Ziwirizi zimayendera limodzi. Ngati wozunzidwa sangathe kupita yekha, munthu wina angam'pemphere iye atavomereza, monga wapolisi, wogwira ntchito yosamalira anthu, wa zachipatala, loya kapena wachibale. Pa mwana, pa munthu wodwala maganizo kapena amene wakomoka, chilolezo chotere sichifunika.

Pamene ngozi ili pafupi, khoti lingamve mbali ya wodandaula yekha ndi kupereka chiletso chongoyembekezera, cha miyezi itatu, winayo asanaitanidwe. Pambuyo pake iye amaitanidwa kuti adzafotokoze chifukwa chimene chiletsocho chisakhazikitsidwire. Akapanda kubwera popanda chifukwa chomveka, chimakhazikika. Chiletso chokhazikika sichipitirira miyezi 12 poyamba, koma khoti lingachitalikitse, kuchisintha kapena kuchichotsa pakakhala chifukwa. Pempholi si mlandu wofuna kulanga munthu, n'chifukwa chake umboni wake sufunika kulemera ngati umene umafunika pom'peza munthu wolakwa.

Mfundo yothandiza koposa kwa munthu wa kutali ndi iyi: khoti limene likumva mlandu wa nkhanza zotere lili ndi mphamvu yopereka chiletso pa mlandu womwewo, wozunzidwa akapempha, ngakhalenso mwa kuona kwa khoti lokha. Tanthauzo lake n'lakuti tsiku limene woimbidwa mlandu akupempha belo lingakhalenso tsiku limene wodandaula akulandira chitetezo, pa ulendo umodzi.

Ulendo wochokera ku Chikwa

Ulendo umodziwo si chinthu chaching'ono. Chikwa ali m'chigwa cha Luangwa, kumwera kwa tauni ya Chama, m'dziko la Asenga, kumene anthu amalima mpunga, thonje ndi chimanga moyandikana ndi nyama zakutchire za m'dera la Musalangu. Boma la Chama ndi lalikulu masikweya kilomita oposa 17,000, ndipo m'nyengo ya dzinja mitsinje yotsikira ku Luangwa imasefukira n'kudula misewu. Kuyenda usiku kapena m'mamawa kuli ndi ngozi yake ya njovu. Mayi amene akufuna kukafika ku khoti ayenera kupeza ndalama ya njinga yamoto kapena galimoto, kusiya ana ndi munda, ndipo mwina kuyenda msewu womwewo umene akuyenda munthu amene iye akumuthawa.

Boma linakhazikitsa makhoti ofulumiza milandu ya nkhanza zotere, kuyambira ku Kabwe ndi ku Lusaka m'chaka cha 2016, chaka chomwenso munatuluka ndondomeko ya mmene makhoti azimvera mapempho a ziletso. Khoti lotere la ku Chipata linatsegulidwa mu 2018. Koma boma la Chama, limene linaikidwa m'chigawo cha Muchinga mu 2011 ndi kubwezedwa ku chigawo cha Kum'mawa mu Novembala 2021, lili pa mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Chipata. Mwayi wake n'ngwakuti lamulo silinasungire mphamvu yopereka chiletso makhoti apadera okha. Majisitireti aliyense ali nayo.

Amene alibe mphamvuyo ndi makhoti aang'ono a m'madera, aja oweruza nkhani za maukwati ndi miyambo, ndiponso mabwalo a mafumu. Pamenepa anthu ambiri amasokera. Nyakwawa angaitane mabanja awiri, angadzudzule, angalamule kuti wina apepese ndi nkhuku kapena mbuzi, koma mawu akewo apolisi sangamangire munthu ngati mmene angachitire ndi chiletso cha majisitireti. Komabe, kumene polisi ili kutali, pepala la khoti limakhala ndi mphamvu ngati anthu a pamudzi akulidziwa. Nyakwawa, nduna za mfumu, aphunzitsi, akuluakulu a mpingo ndi magulu a chitetezo cha m'midzi ndiwo amene amaona munthu akudutsa malire amene khoti linaika, ndipo ndiwo angakhale mboni. Chiletso chobisidwa pansi pa mphasa, chodziwika kwa mwini yekha, chimateteza pang'ono.

Vuto lina ndi la mtunda woikidwa m'chiletso. M'tauni, kuletsa munthu kufika pafupi ndi nyumba inayake n'kosavuta. M'mudzi umene uli ndi mjigo umodzi, chigayo chimodzi ndi tchalitchi chimodzi, mawu ongoti asayandikire angabale mikangano tsiku lililonse. N'chifukwa chake wodandaula amachita bwino kufotokozera khoti malo enieni: njira ya kudimba, sukulu ya ana, tsiku la msika, nyumba ya makolo ake. Chiletso chotchula malo ndi chosavuta kuchitsata, ndipo ndi chosavuta kutsimikizira kuti chaphwanyidwa.

Masiku a belo ndiwonso masiku amene achibale amayamba kuyendera wodandaula. Ena amabwera ndi ulemu, kupempha kuti nkhani ikambidwe pabanja. Ena amakumbutsa za ana, za malowolo, kapena za manyazi otengera bambo wa ana ku ndende. Lamulo limapereka mpata woyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono, koma osati pa nkhanza zazikulu, ndipo mlandu umene wafika kale ku khoti sutha chifukwa chakuti mabanja agwirizana kumudzi. Khoti liyenera kuvomereza. Majisitireti wanzeru amafunsa wodandaula amene akufuna kuchotsa mlandu ngati akutero mwa kufuna kwake.

Umboni ndi kumene thandizo lili

Kuvutitsa kwa mtundu uwu kumatsimikizika ndi kuchuluka kwa nthawi zimene kwachitika. Tsiku limodzi palokha limaoneka ngati mwangozi. Masiku 15 olembedwa m'kope la sukulu, ndi nthawi yake, malo ake ndi maina a amene anaona, amapereka chithunzi china. Mauthenga a pa lamya sayenera kufufutidwa ngakhale ali onyansa. Kuvutitsa munthu kudzera pa lamya ndi pa intaneti kunakhala mlandu pansi pa lamulo la 2021, limene linalowedwa m'malo ndi malamulo atsopano mu 2025, ndipo mauthenga otere amathandizanso popempha chiletso. Pakakhala kuvulala, fomu ya apolisi yokalembetsa kuchipatala ndi yofunika kuitenga mabala asanapole.

Nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ya Victim Support Unit, imene inakhazikitsidwa mu 1994 ndi kulowa m'lamulo la apolisi mu 1999, ndiyo khomo loyamba. Lamulo la 2011 limalamula wapolisi amene walandira dandaulo kuuza wozunzidwa za ufulu wake, kuphatikizapo ufulu wopempha chiletso, ndi kum'thandiza kupeza chithandizo cha kuchipatala ndi malo obisalako. Bungwe la Legal Aid Board limathandiza amene sangathe kulipira loya. Pa lamya, nambala ya 933 ndi ya nkhani za nkhanza, 116 ndi ya ana, ndipo 991 ndi ya apolisi. Zonsezi n'zaulere kumene netiweki ikupezeka.

Zimene maiko ena achita

Ku Malawi, dziko limene lachita malire ndi boma la Chama, lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limaperekanso ziletso zofanana, koma chiletso cha khoti la Zambia sichigwira ntchito chokha kutsidya kwa malire, ndipo cha ku Malawi sichigwira kuno. Mabanja amene ali ndi abale mbali zonse ziwiri ayenera kudziwa zimenezi.

Dziko la South Africa linapita patsogolo pa nkhani yomwe ikuvuta ku Zambia. Mu 2011 linapanga lamulo lapadera loteteza anthu ku kuvutitsidwa, lopereka chiletso ngakhale pamene awiriwo sali pa ubale uliwonse. Pambuyo pa zionetsero zimene zinatsatira kuphedwa kwa wophunzira wa pa yunivesite Uyinene Mrwetyana ku Cape Town mu 2019, Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo a belo mu 2021. Kuyambira mu 2022, apolisi a kumeneko saloledwa kutulutsa pa belo munthu woimbidwa mlandu wochitira nkhanza wa m'banja lake. Nkhaniyo imapita ku khoti, limene liyenera kumva maganizo a wozunzidwa pa za chitetezo chake, ndipo likamatulutsa woimbidwa mlanduyo liyenera kuona ngati pakufunika chiletso pamene panalibe. Ku England ndi ku Wales, lamulo la 2019 linapatsa apolisi mphamvu yopempha okha chiletso m'malo mwa munthu amene akulondedwalondedwa.

Kusiyana kwake kuli pa amene wasenza udindo. M'maiko amenewo lamulo linaika mbali ina ya mtolowo pa khoti ndi pa apolisi. Ku Zambia khoti lili ndi mphamvu, koma silikakamizidwa kuigwiritsa ntchito pa belo iliyonse, ndipo palibe chotsimikizira kuti wodandaula wa ku Chikwa adzamva msanga kuti munthu uja watuluka. Ambiri amadziwa pom'ona panjira.

N'chifukwa chake tsiku lopereka sitetimenti ku polisi ndi lofunika kwambiri. Pa tsikulo wodandaula angapemphe kuti ziopsezo zonse zilembedwe m'sitetimentimo, angafunse tsiku limene womangidwa adzaonekera ku khoti, ndipo angasiye nambala ya lamya, yake kapena ya mphunzitsi kapena ya nyakwawa, kuti auzidwe ngati belo yaperekedwa ndi mfundo zimene zalembedwamo. Amene walandira chiletso ayenera kusunga kope lake, kuonetsetsa kuti wodandauliridwa wapatsidwa lakenso, ndi kulemba tsiku limene chidzatha. Chiletso choperekedwa mu Januwale chingathe mu Januwale wotsatira, pakati pa dzinja, pamene misewu ya m'chigwa imakhala itaduka. Pempho lochitalikitsa liyenera kupita ku khoti mvula isanayambe.